Pokhwefula Chingwe

Ku Tacuarembó, m'mawa wa mwezi wa Julaye,
chisanu chili mbee pa udzu,
azakhali anga a Nélida anandipatsa chingwe chachikopa.
"Uyu ndi Ceniza. Zaka zitatu.
Pamsana pake sipanakhalepo munthu.
Umuuze abwere kwa iwe."

Ndinakoka.
Kavalo anazika ziboda m'matope, khosi gwa,
maso atatembenuka kuyera ngati mazira osenda.
Ndinakoka ndi mapewa, ndi msana, mano ndili kukukuta,
iye n'kukhalira kumbuyo, thupi lonse kukana,
mpaka chingwe chinandisupula zikhatho
ndipo ndinagwa chagada m'ndowe zofunda.

Azakhali sanaseke.
Anayamwa tiyi wawo wowawa pa kampope kachitsulo,
n'kupukuta pakamwa ndi mkono wa juzi.
"Ukamukankha, akukankha. Ukamukoka, akukoka.
Sichipongwe, mwanawe. Ndi mmene anabadwira:
amatsamira komwe kukumupwetekako."

Anatenga chingwe ndi zala ziwiri.
Chachitatu anachisiya pa waya wa mpanda ali mtsikana.
Anachikunga pang'ono pokha,
ngati akuyesa kulimba kwa ulusi wa kangaude,
n'kudikira.

Mbalame za tero zinakuwa kudambo.
Lole ya mkaka inadutsa pamsewu n'kuzimiririka.
Anadikirabe.
Mphuno zanga zinayamba kuchucha.

Kenaka Ceniza anasuntha,
osati mwendo, ayi,
kulemera kwake kokha, kuchoka kumbuyo kudza kutsogolo,
ndipo pomwepo, ndisanaphethire,
chingwe chinali lende.

Kavalo anatsitsa mutu.
Anatafuna m'kamwa mulibe kanthu, n'kunyambita milomo,
n'kuusa moyo, nthunzi tolo m'mphuno zonse ziwiri.

"Waona? Kukoka ndi funso chabe.
Amaphunzira pamene wasiya.
Ukachedwa kusiya, wamunamiza."

Masabata asanu ndi limodzi ndinamunamiza.
Dzanja langa linkadziwa kugwira,
koma kutambasuka linkachedwa ngati chitseko chofufuma ndi mvula.
Ceniza ankandipatsa phazi limodzi, ine n'kufuna awiri.
Ankapinda khosi, ine ndili chigwirire,
mpaka tsiku lina anangoima,
makutu ali pambali, maso ali zii,
osakana, osavomera,
ngati nyumba yomwe eni ake anasamuka.

Maso amenewo ndinawadziwa.
Ndinawaonapo pagalasi losweka kwathu ku Paso de los Toros,
kumene bambo anga a Wilmar anandilera okha.
Ndikalakwa, lamba.
Ndikakhoza, ntchito ina.
Chingwe chawo sichinagwepo lende ngakhale kamodzi,
ndipo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndinakhalira kumbuyo mpaka chinaduka.

Madzulo amenewo ndinavula kavalo chingwe,
n'kukhala pa ndowa yovundikira pakati pa khola.
Sindinamufunse kanthu.
Mdima ukugwa pa mabulugamu
ndinamva mpweya wofunda kunkhongo kwanga,
ndi ndevu zake zikundigirigisha khutu.

Tinayambiranso.
Chala panthiti, iye sunthu, chala chotse.
Chikhatho pamphuno, mutu tsike, chikhatho chotse.
Pofika Okutobala ndinkangoganiza zokhota
ndipo iye anali atakhota kale.

Lamulungu lina kunabwera munthu pa basi ya masana.
Anaima kuseri kwa mpanda, chipewa chili kumutu,
wochepa thupi kuposa mmene ndinkamukumbukirira.
Sanapereke moni. Inenso ayi.
Ndinazungulira khola katatu ndili pamsana pa Ceniza,
nsagwada zanga zili gwa.

Azakhali anayang'ana mlongo wawo,
n'kuyang'ana ine, osanena kanthu.

Bambo anakhosomola.
Anasuntha kulemera kwawo kuchoka mwendo uwu kudza uwo,
n'kuvula chipewa.
"Kavalo wabwino," anatero, akuyang'ana pansi.

Sizinali zambiri.
Silinali ngakhale phazi limodzi lathunthu.
Koma Ceniza anamva miyendo yanga ikufewa,
n'kuima yekha pafupi ndi mpanda,
ndipo ndinatsika,
n'kuthira madzi otentha m'chikho cha azakhali,
n'kuwapatsira pamwamba pa waya
nthawi isanathe.